Denga la Khonje Lidapindika Mbali Imodzi

Ku Lifidzi mkazi satengedwa ndi mawu okoma. Mawu okoma amangokufikitsa pakhomo. Chokulowetsa m'nyumba ndi nyumbayo, ndipo uyenera kuimanga wekha pamudzi pa apongozi, iwo atakhala pamthunzi n'kumakuyang'ana ngati ng'ombe imene akuganiza zogula. Gervásio ankadziwa zimenezi pamene adatomera Flávia, mwana wa mayi Alzira. Njerwa adaumba, zipupa adakweza, phaso adakhoma. Kudangotsala kufolera. Apa m'pamene adaonetsa kuti munthu akakhalako ku Tete amabwerako ndi matenda amene kumudzi kulibe mankhwala ake.

Udzu adaukana. Malata adawakana. Adati afolera ndi matelya, mapale a denga opanga yekha.

Ku Teteko adagwirapo ntchito pa fabirika yosungunula mapulasitiki, ndipo pobwerera adanyamula chikombole chachitsulo, jeke wa galimoto ndi nzeru imodzi. Ankatola mabeseni osweka ndi zigubu zobooka, n'kuzisungunula mu mgolo m'chisakasa chake pafupi ndi Fonte Boa, n'kuthiramo ulusi wa khonje woduladula, kenaka n'kufinya phalalo m'chikombole. Chotuluka chidali telya lakuda, lopepuka, losadziwa dzimbiri, losasokosa mvula ikamagwa.

Anyamata ena amafunsira mbeta ndi chitenje kapena foni. Gervásio adafunsira ndi soda.

"Ulusi uwu uli ndi khungu lamafuta, Flávia," adamuuza tsiku lina, atanyamula khonje m'manja. "Pulasitiki akati augwire, umaterereka ngati mlamba. Koma ukauviika m'madzi a soda, soda woyabwa uja amaphikira sabau wochapira zovala, khungulo limachoka, ulusi umakhakhala. Ukautsuka n'kuuyanika mpaka gwa, pulasitiki akaluma sasiyanso. Telya lotero ngakhale dzuwa lipse mtima, silifewa."

"Nanga inu adakuviikani kale?" adafunsa Flávia.

"Gwira uone ngati nditerereke."

Flávia adaseka, ndipo adagwira. Kuyambira pamenepo ntchito yoviika idakhala yake. Ulusi ankaudziwa ndi zala, wakupsa ndi wosapsa, monga mayi adziwira nyemba mumphika. Koma tsiku lina chovala chamanja cha mphira chidang'ambika iye osaona, soda adadya khungu la dzanja lamanja, n'kusiya chipsera choyera kuyambira pa chala chachikulu mpaka pamkono.

Mayi Alzira adaona dzanjalo, sadalire. Adaitanitsa mkamwini.

"Bambo, mwana uyu ndidamubala ndi manja awiri olimira mbatata. Mukamusenda ngati chinangwa, mudzandibwezera chiyani? Ku chisakasa kwanuko asapondekonso."

Gervásio adagwada, nalumbira kuti ulusi wotsalawo aviika yekha.

Lamulo lachiwiri lidachokera kwa a Arcanjo, mlongo wawo wa mayi Alzira, mwini mbumba. Iwowa nthawi ya nkhondo sadathawe, ndipo sankalola kuti munthu aiwale zimenezo.

"Makolo ako adathawira ku Dedza, mwambo n'kuusiya pamalire pa Kalomwe," adatero. "Ndiye ndikuuze ineyo. Chilichonse chopsa pamoto n'kusanduka chiwiya chili ndi lamulo lake. Mbiya ili nalo, njerwa za mu uvuni zili nalo. Zako zakudazi nazonso zimapsa pamoto. Woumba amadika. Sagona ndi mkazi mpaka ntchito ithe. Akaumba ali wotentha, chiwiya chimaulula."

Gervásio adavomera msanga, kumaseka chamumtima. Lonjezo loti sudya nyama limapepuka m'nyumba yopanda nyama.

* * *

Adafolera mwezi umene fumbi limalowa mpaka m'mano, mvula ili pafupi koma ikunyada. Dengalo lidakongola. Anthu a ku mpingo ankapatuka potuluka ku Misa kudzaligogoda ndi ndodo. Mayi Alzira nawo adagwidwa akuliyang'ana, ngakhale adati ankafuna nkhuku.

Kenaka kudabwera masiku a dzuwa loswa mtengo. Gervásio adali kutauni, ku Vila, pamene foni idalira. Uthenga wa Flávia udali waufupi: *Bwerani. Denga.*

Adapalasa njinga osaima. Atafika adapeza anthu ataima kuzungulira nyumba, chete ngati pamaliro a munthu amene sankakondedwa. Mbali ya kum'mawa idali chilili, matelya ali ndondondo ngati mano a mwana. Mbali ya kumadzulo idali itafota ngati fodya wa m'chigafa. Matelya adapindika pakati, m'mbali n'kutukula milomo, ena atang'aluka. Munthu ataima m'kati akadawerenga mitambo.

A Arcanjo adazungulira nyumba pang'onopang'ono, manja kumbuyo. Sadakwiye. Nkhope yawo idali ya munthu amene wakhala akudikira basi ndipo yafika.

"Dzuwa ndi limodzi," adatero. "Woumba ndi mmodzi. Uku adaumba ali wozizira. Ukuku adaumba ali wotentha. Kapena pali wina akuona zosiyana?"

Padalibe woona zosiyana.

"Amalume, ndi nkhani ya ulusi," adatero Gervásio. "Ukapanda kupsa bwino ndi soda..."

"Usunge mawuwo. Loweruka ubwere ndi ankhoswe ako."

Flávia adaima pafupi ndi nkhokwe, dzanja lachipsera atalibisa m'chitenje. Gervásio adamuyandikira.

"Iwe ukundidziwa."

"Ndikukudziwani," adayankha. "N'chifukwa chake ndikudikira kuti mundiuze nokha. Ulusi wa mbali iyo mudaviika bwanji?"

"Monga mwa masiku onse."

"Inuyo?"

"Nanga ndani?"

Flávia adayang'ana manja a Gervásio. Adali osalala bwino, opanda ngakhale kachilonda. 

* * *

Zoona zake zidali izi. Flávia ataletsedwa, matelya adali atangokwana theka. Munthu mmodzi sangakhale ku Kalomwe kutola zigubu n'kukhalanso ku Fonte Boa kuviika khonje, ndipo mvula siyembekeza mkamwini. Gervásio adafunafuna munthu wodziwa soda, wosaopa kupsa, ndipo mu Vila monse wotero adali Vanda, wophika sabau wa pamsika.

Vuto lidali lakuti, asadapite ku Tete, Gervásio ankadziwa njira ya kwa Vanda kuposa ya kutchalitchi. Flávia ankaidziwa mbiriyo. Choncho Gervásio sadamuuze, ati kuopa kumudandaulitsa. Mwamuna akanena kuti wabisa chinthu kuopa kudandaulitsa mkazi, dziwani kuti khungu limene akulisamala ndi lake.

Adamupeza Vanda pa benchi lake, akusanja sabau. Mipiringidzo idali itaunjikana mpaka pachifuwa. Chiyambire kugulitsa, benchi limenelo lidali lisadalemerepo chotero.

"Vanda, ulusi uja udauviika mu chiyani?"

"Moni kaye, a mkamwini. Kwa apongozi kwacha bwanji?"

"Udauviika mu chiyani?"

"M'madzi."

"A soda?"

"Madzi ndi madzi, Gervásio. Ine sukulu ya ku Tete sindidapite."

Gervásio adatola mpiringidzo umodzi, n'kuununkhiza. "Soda wanga ali umu."

"Mufunse. Akakuyankha ndikupatsa waulere."

"Denga lagwa, Vanda. Amalume ake a Flávia akuti ndidagona ndi mkazi ndili pakati pa ntchito. Akandichotsa pamudzi paja, Flávia ndamutaya."

"Ndamva. Msika wonse wamva. Ena akuti mkaziyo ndi wa ku Dedza, ena akuti ndi wonenepa. Ndakhumudwa, palibe wanditchula."

"Ubwere Loweruka. Ukanene kuti soda sudathire. Za sabauyu sindidzakufunsa."

Vanda adasiya kusanja. Nthabwala idachoka pankhope pake, padatsala mkazi wotopa, wa zala zong'aluka.

"Ndikaime pa anthu ndinene kuti ndine wakuba, kuti iweyo ukwatire bwino. Udapita ku Tete osanditsanzika. Ndidamva kwa oyendetsa njinga kuti wapita. Utabwera sudandipatse ngakhale moni. Tsiku limene udandikumbuka ndi loti ndikuviikire denga logonamo ndi mkazi wina. Ndipo ine ndidavomera pompo, osakanako ngakhale pang'ono. Iwe sudadabwe?"

Gervásio adali asadadabwe. Ankangoti ali ndi mwayi.

"Ndibwera," adatero Vanda, n'kubwerera ku sabau wake. "Mawu ako sindidakanepo."

* * *

Madzulo a Lachisanu, dzuwa lisadalowe, uthenga wina wa Flávia udafika.

*Amayi akutchulanso dzina la Nelson.*

Nelson adali mwini loja, sitolo ya ku Kalomwe, wamimba yoyamba kutsogola, amene adafunsirapo Flávia n'kukanidwa. Munthu wamalonda sakanidwa, amangoti mtengo sudagwirizane.

*Usawamvere,* adalemba Gervásio. *Mawa zonse zidziwika.*

*Mundiuze lero. Mawa kudzakhala anthu.*

Gervásio adalemba dzina la Vanda, n'kulifufuta. Adalilembanso, n'kulifufutanso. Chimene adatumiza chidali chakuti: *Ugone bwino, mtima wanga.*

Yankho silidabwere.

* * *

Adakhala pansi pa mtengo wa pichesi, amuna pa mipando, akazi pa mphasa. Ankhoswe a Gervásio adabwera atavala jekete ndipo ntchito yawo idathera pomwepo. Pakati pa bwalo padali telya limodzi lopindika, ngati mbale ya galu.

Gervásio adafotokoza zonse, za khungu lamafuta, za mlamba, za ulusi umene ukapanda kuviikidwa umasunga chinyezi n'kupserera mu mgolo, pulasitiki n'kutsala wopanda chomugwira dzuwa likamufewetsa. Adalankhula bwino. A Arcanjo adamumvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu ngati avomera.

"Chabwino. Tinene kuti mwambo wa makolo ndi wabodza, woona ndi mankhwala a sabau. Ndiye mbali imodzi udathira mankhwalawo, mbali inayo udaiwala?"

"Sindidaiwale."

"Udathira?"

"Sadathiridwe."

"Mwana iwe, soda sadzithira yekha ndipo sadzikana yekha. Suja udagwada pamaso pa mlongo wangayu kuti uviika ndi manja ako? Adaviika ndani?"

Nkhuku idadutsa pakati pa bwalo, n'kujompha telya lija, n'kupitirira.

"Vanda," adatero Gervásio.

Mayi Alzira adaomba m'manja kamodzi, mofatsa. Flávia, amene nthawi yonseyi ankayang'ana mphasa, adadzutsa mutu.

Vanda adali atafika kale, adangoima kuseri kwa khola kudikira dzina lake. Adalowa atavala chitenje chatsopano, n'kugwada mwaulemu woposa wofunika, n'kupereka moni kwa aliyense mmodzimmodzi. Kwa Flávia adapereka moni womaliza.

"Mayi," adatero a Arcanjo, "mnyamatayu akuti adakuitanani ku chisakasa chake."

"Adandiitana."

"Kangati?"

"Sindinkawerenga, bambo. Kufikira denga litakwana."

"Akuti soda simudathire."

"Ine ntchito imene adandiitanira ndidaigwira."

"Ntchito yanji?"

Vanda adayang'ana pansi. Adakonza duku lake, lomwe lidali bwinobwino. Kenaka adamwetulira pang'ono, kumwetulira kwa munthu amene wakumbuka chakudya.

"Zina sizinenedwa pamaso pa akuluakulu."

Bodza lenileni sadanene. Koma bodza lophika bwino silisowa mawu ambiri, ndipo Vanda adali wophika.

"Vanda, nena zoona," adatero Gervásio, ataimirira. Ankhoswe ake adamukoka malaya kuti akhale pansi.

"Zakwana," adatero a Arcanjo. "Telya lanena, mkazi wanena. Chitomero chaima. Dengalo lisasulidwe. Mwana wa mlongo wanga sagona pansi pa chinthu choumbidwa ndi munthu wotentha, angadulike chifuwa tikumuona."

"Zipupazo n'zabwino," adatero mayi Alzira, osayang'ana munthu. "Zingosowa malata. Ndipo alipo ena amene adanena kale kuti kwa iwo malata si nkhani."

* * *

Anthu atabalalika, Gervásio adapeza Flávia kuseri kwa nyumba yatsopanoyo, kumene bwalo silioneka. Adali atatsitsa matelya awiri, lina la kum'mawa, lina la kumadzulo, n'kuwagoneka pamwala. M'manja adali ndi nkhwangwa.

"Flávia."

"Taimani uko."

Adamenya la kum'mawa ndi chidendene cha nkhwangwa. Nkhwangwa idadumpha. Adamenyanso, namenyanso, mpaka lidathyoka monyinyirika. Pothyokapo ulusi udali utaduka waufupi, wachikasu, wolumana ndi pulasitiki ngati mnofu ndi fupa. Umenewo udali ulusi wake, umene udamudyera dzanja.

La kumadzulo lidangofuna kamodzi. Lidagawikana ngati chigumu. Ulusi udatuluka wautali, wosalala, kwina wopserera, n'kusiya timabowo m'pulasitiki. Flávia adagwira umodzi ndi zala za dzanja lachipsera, n'kukoka. Udasololoka wonse osakana.

"Uwu soda sudamuonepo," adatero.

Gervásio adapuma ngati munthu amene wamutula thumba la feteleza.

"Waona? Ndimanena zimenezi. Soda adaphikira sabau, benchi lake ladzaza. Tiye nazo kwa amalume. Iwe akumvera. Ndiwe udaviika ulusi wa mbali yabwinoyo, ndipo chipsera chili pa dzanja lako."

"Ndaona," adatero Flávia. Adapitiriza kupotokola ulusiwo pa chala. "Telya landiuza kuti soda sadathire. Pamenepo amalume alakwa. Koma pali china chimene telya silikudziwa."

"Chiyani?"

"Kuviika ndi ntchito, a Gervásio. Ine ndaigwira. Kusungunula soda, kuvundula, kudikira, kutsuka mpaka kuterera kuthe. Dzuwa limakulowera uli chiweramire. Uyu ankangonyika m'madzi n'kuyanika. Ntchito ya kamphindi. Ndiye masana onse aja, ngati sankaviika, ankatani m'chisakasa mwanu?"

"Ine kudalibe. Ndinkakhala ku Kalomwe kutola zigubu. Ndinkangomusiyira kiyi."

"Kiyi."

"Kuti azilowa."

"Ine ndapsa dzanja m'chisakasa chimenecho, kiyi simudandipatsepo. Ndinkakudikirani panja ngati wogula." Adamuyang'ana. "Masiku onse mudali ku Kalomwe?"

Apa munthu wanzeru akadanama, ndipo munthu woona akadanena zoona kalekale. Gervásio adali pakati, pamalo pamene amuna ambiri amafera.

"Si onse."

"Ndipo masiku amene mudalipo, simudaone kuti mgolo sukununkha soda? Inu amene mudandiphunzitsa ine?"

"Sindinkayang'ana mgolo."

Adazindikira mawuwo atatuluka kale.

"Sindidamukhudze, Flávia. Ndikulumbira. Tinkangocheza. Ankandiseketsa ndi nkhani za pamsika, ine n'kumafinya matelya. Ndi zokhazo."

"Mwina," adatero Flávia. "Mudalumbiranso kwa amayi. Ndidakufunsani pa nkhokwe paja. Ndidakufunsaninso dzulo pa foni, mudandiuza kuti ndigone bwino. Dzina lake ndalimva limodzi ndi nkhuku za pabwalo."

Kumsewu kudamveka phokoso, ngati bingu laling'ono likubwera pansi. Onse awiri adasuzumira pangodya ya nyumba. Anthu onyamula katundu pa njinga a ku Kalomwe ankatsika chitunda, akukankha, thukuta lili kamukamu. Pa njinga iliyonse padali malata atsopano okulungidwa, akuthwanima mpaka kupweteka maso. Kuchokera ku Kalomwe ndi katundu wotero si ulendo woti ungayambe mlandu utatha. Adanyamuka mlandu usadayambe.

Mayi Alzira adatuluka kukawalandira osadabwa. A Arcanjo adaloza chipupa cha nyumba ya Gervásio, kuti awatsamiritse pamenepo.

"Flávia," adanong'ona Gervásio, "chidutswa chimenecho ndicho chokha chingandipulumutse. Ine ndikapita nacho, ati ndasankha ndekha. Ukawaonetse iweyo. Chonde."

Flávia adatola chidutswa cha telya la kumadzulo, ulusi wake uli lendelende. Adachiyang'ana kanthawi. Adachimanga pa ngodya ya chitenje, n'kuchilowetsa m'chiuno, n'kuyamba kuyenda kupita kubwalo. Gervásio adamutsatira patali.

A Arcanjo adatembenuka atamva mapazi. Adaona mfundo ya chitenje itatupa.

"Watolanji kuseriko, mphwanga?"

Flávia adaima pakati pa amalume ake ndi malata. Dzanja lachipsera lidali pa mfundoyo. Adacheuka, n'kumuyang'ana Gervásio nthawi yokwanira kuti adziwe kuti funsolo walimva bwino.

"Palibe, amalume," adatero. "Zinyalala."

Adagwira mbali imodzi ya lata loyamba, n'kuthandiza kulitsitsa pa njinga.